Kapu ya Choko ndi Paipi ya Kamera

Mutu 6

1. Chifuwa cha m'mawa

Dzina loti Kamthunzi anamupatsa ndi anthu a mumsewu mwawo. Ali wamng'ono, kulikonse kumene achemwali ake ankapita kukaluka anthu tsitsi, iye ankakhala pambuyo atanyamula kabokosi ka zipeso. Anthu ankaseka n'kumati, "Mwini wake uyo, kamthunzi kake ako!"

Tsopano mwini wakeyo kunalibe. Achemwaliwo anamwalira chaka chatha, Kamthunzi atangoyamba kumene kalasi yachitatu ku sekondale. Bedi lawo linali likadali m'chipinda momwemo, loyalidwa bwino. Amayi ankalikuntha fumbi Loweruka lililonse, koma sankalola munthu kukhalapo.

M'mawa wina Kamthunzi anadzidzimuka atamva munthu akutsokomola. Chinali chifuwa chouma chija, chokoka, chimene achemwali ankatsokomola miyezi yawo yomaliza. Anatembenukira ku bedi lija thupi lonse litachita tsemwe. Panalibe munthu. Kenako chifuwacho chinamvekanso, ndipo anazindikira kuti chinkatuluka pakhosi pake pomwe.

Matenda akewo anayamba ngati chilungulira wamba. Akadya, pachifuwa pankatentha ngati wameza khala. Akawerama kuti amange zingwe za nsapato, chakudya chinkabwerera kukhosi chili chowawasa. Pogona ankasanjikiza mapilo, nthawi zina mpaka kuikako chikwama cha mabuku. Zonsezi makolo ake ankazidziwa.

Koma panali zinthu ziwiri zimene sanauze munthu. Kwa milungu ingapo chimbudzi chake chinkatuluka chakuda bii, chomata ngati phula. Ndipo akamakwera masitepe ochokera m'shopu ya bambo ake, amene ankakonza mafiriji pansi pa nyumbayo, m'maso munkada, makutu n'kumalira.

Ankadziwa kumene mawu oterewa amamufikitsa munthu. Achemwali atanena za magazi, anawatengera kuseri kwa chitseko chobiriwira cha kuchipatala n'kuwalowetsa paipi pakamwa. Sabata isanathe, m'nyumba munadzaza anthu olira.

2. Njira zitatu

Chifuwacho bambo ake anachimvanso ali pansi. Tsiku lomwelo anatseka shopu n'kupita naye kuchipatala. Amayi sanapite nawo. Chimwalirire mwana wawo wamkulu, anali asanapondeko pageti la chipatalacho.

Adokotala anali mayi wamfupi, wa magalasi olendewera pachingwe. Atamvetsera zonse, anakoka mkono wa jekete lawo mpaka dzanja linabisika.

"Pakati pa chifuwa ndi mimba pali mnofu wotambalala ngati denga," anatero. "Dengalo lili ndi kabowo kamene njira ya chakudya imadutsapo. Kabowoko kakakula, mutu wa chifu umasuzumira m'chifuwa, chonchi." Anatulutsa chibakera pakamwa pa mkono wa jekete uja. "Zikatero madzi owawasa a m'chifu amakwera mosavuta. Ife timati heniya, koma si ija ya pamchombo. Kwa ana a msinkhu wako siichitikachitika, komabe imachitika. Ndikuganiza kuti ndi imeneyi. Tsono kuganiza si kuona."

"Ndiye muiona bwanji?" anafunsa bambo ake.

"Njira zilipo zitatu. Yoyamba, amwa kapu ya mankhwala oyera ngati choko chosungunula, ife tizimujambula pa ekisire mankhwalawo akutsika. Imeneyi imaonetsa bwino ngati chifu chakwera, ndiponso kuti chakwera motani. Siipweteka. Kukoma kwake kokha ndiye usadzanditukwane, mtsikana. Koma tizilonda ting'onoting'ono timatha kubisala pa chithunzi chotere, ndipo ngati pena pakutuluka magazi, palibe chimene tingachite ndi chithunzi."

"Yachiwiri?"

"Yachiwiri ndi paipi yofewa, kunenepa kwake ngati chala, yokhala ndi kamera ndi kagetsi kumapeto. Timamupatsa mankhwala oti awodzere, n'kuilowetsa pakamwa. Pamenepo timaona khoma lenilenilo ndi maso. Chilonda timachiona, magazi timawaona, nthawi zina timawaletsa pomwepo. Kuipa kwake, pakhosi pamakanda tsiku limodzi kapena awiri. Ndipo pa anthu ochepa kwambiri imatha kuvulaza. Zimenezo sindingakubisireni."

Kamthunzi anayang'ana pansi.

"Yachitatu ndi kapaipi kowonda kodzera m'mphuno, koyeza mphamvu ya kummero munthu akamameza. Timakafuna makamaka tikayamba kuganiza za opaleshoni. Lero tikaike pambali."

"Nanga pa ziwirizo tisankhe iti?" anafunsa bambo ake.

"Asankhe ndi mayankho a mwini wakeyu." Adokotala anavala magalasi n'kumuyang'ana. "Chakudya chimaima pakhosi?"

"Ayi."

"Unasanzapo magazi?"

"Ayi."

"Chimbudzi chakuda ngati phula? Chizungulire?"

Chitseko chobiriwira chija chinali kumapeto kwa khonde lomwelo. Kamthunzi anali atachiona polowa.

"Ayi," anayankha m'maso muli gwa.

Adokotala anamukoka chikope cham'munsi ndi chala. "Mwatuwatu umu."

"Ndi mayeso a kusukulu. Sindikugona mokwanira."

"Chabwino. Tikutenga magazi lero, zotsatira zake zifika mawa. M'mawa ubwere usanadye kanthu, tiyambe ndi kapu. Koma undimvetse bwino. Choko chija chikalowa chimamata makoma onse. Ukangomwa, kamera siingaone kanthu mpaka chitatuluka, ndipo zimenezo zimatenga masiku. Ngati wakumbukira china, unene usanamwe."

3. Mawu a azakhali

Atafika kunyumba anapeza azakhali, mlongo wamkulu wa bambo ake, amene ankagulitsa makatani kumsika. Amayi ankasita zovala pakona, osatukula mutu. Bambo atangotsikira kushopu, azakhali anakoka mpando n'kumukhazika Kamthunzi patsogolo pawo.

"Mwana wa mlongo wanga, tandiyang'ana," anayamba motero. "Mkulu wako ndinamuperekeza ndine tsiku lija. Analowa pachitseko chija akuyenda yekha, akundiseka kuti nsapato zanga zikulira ngati mbewa. Anatuluka ali pa bedi la matayala, milomo itauma, osandizindikira n'komwe. Ndiye wina adzandiuze kuti paipi ija ilibe mlandu? M'mimba mwa munthu si m'ngalande moti n'kumapisamo mapaipi. Namalenga akanafuna kuti tizisuzumiramo, bwenzi ataikapo zenera.

"Iwe mawa ukamwe chokocho, akujambule, ubwereko. Akakufunsa zambiri, yankho ndi limodzi, ayi. Anthu aja ukawapatsa kamawu kamodzi amakakoka, amakakoka, mpaka akugoneke patebulo. Bambo akowa ndinawalera ndekha, ndimawadziwa. Munthu akavala choyera amangoti inde, inde, ngati mwana wa sukulu. Koma taona amayi akowa. Atsala mafupa okhaokha. Ukufuna aike m'manda mwana wachiwiri?"

Kamthunzi anayang'ana amayi ake. Simbi inali itaima pa malaya amodzi, ndipo nsalu inayamba kununkha kupserera. Amayiwo sanaone.

"Amayi, malaya," anatero.

Amayi anatukula simbi, kuyang'ana chipsera, n'kupinda malayawo ngati palibe chachitika.

4. Kabowo ka mpeni

Chakumadzulo bambo ake anamuitana. "Tsika udzandigwirire tochi."

M'shopumo mafiriji anali ndandanda kukhoma, ena opanda zitseko, ali yasa. Imodzi inali itagonekedwa chagada. Bambo analoza mkati mwake, pamene pamaundana ayisi.

"Walitsa apa. Ukuona chiyani?"

"Kabowo."

"Mwini wa firiji iyi anandiuza kuti inangosiya yokha. Ndinasintha waya, ndinayeza switchi, ndinataya tsiku lathunthu. Kenako ndinapeza aka. Anabaya ndi mpeni pogumula ayisi, mpweya wonse n'kuthawa. Akanandiuza poyamba, bwenzi nditamata kabowoka dzuwa lisanafike pamutu. Koma anachita manyazi. Nthawi yonse imene ankabisa, mota inali ikulira yopanda mpweya, mpaka inapsa."

Anapukuta manja pa chisanza n'kukhala pa kabokosi.

"Azakhali ako amakukonda, usawade. Koma iwo anaona tsiku limodzi lokha. Mkulu wako anadwala miyezi. Tikamufunsa ankati watopa ndi kuimirira poluka tsitsi. Pamene ankanena zoona, chilonda chinali chitadya kale mtsempha, magazi atatha m'thupi. Paipi ija siinabweretse chilondacho. Inachipeza chilipo, ndipo inachipeza mochedwa chifukwa ife tinapita mochedwa.

"Dokotala si mneneri, mwana wanga. Amayenda njira imene wamulozera iwe. Ukamulozera kumanzere moto uli kumanja, iye apita kumanzere ndi mtima wake wonse, ndi maphunziro ake onse, nyumba n'kupsa. Mantha ndili nawo inenso. Khonde lija ndikamadutsa miyendo imandilemera. Koma kuopa chitseko sikuletsa magazi kutayika."

Kamthunzi anawalitsanso tochi pakabowo kaja.

"Ine sindikukufunsa kanthu," anatero bambo ake. "Wakula, thupi ndi lako. Kungoti dzulo ndinakuona pamasitepe utagwira chitsulo ndi manja awiri, ngati nkhalamba. Zimitsa tochiyo, mabatire atha."

5. Meza

M'mawa mwake anapita awiri, m'mimba mwa Kamthunzi mulibe kanthu. Chipinda chojambulira chinali pakati pa khonde lija. Kuti akafike anadutsa benchi imene anakhalapo chaka chatha akudikira achemwali. Inali momwemuja, ndi mwendo wake umodzi wochirikizidwa ndi katoni.

Anamupatsa chovala cha odwala, chomanga kumbuyo. Bambo ake anatsala panja. Wojambula anali bambo wadazi, wanthabwala.

"Takulandirani kuhotelo yathu, mayi," anatero akuvundula kapu ndi supuni. "Chakumwa chathu n'chimodzi chokha, ndipo palibe amene anapemphapo chowonjezera. Ima apa, msana kuchitsuloku. Ine ndipita kuseri kwa galasi ilo. Ndikati meza, umeze."

Anamupatsira kapuyo, kuchepetsa magetsi, n'kupita. Kapuyo inali yolemera kuposa mmene inkaonekera. M'chipindamo munkazizira, ndipo makina ankang'ung'udza chapansipansi.

Kamthunzi anatukula maso kuyang'ana galasi lija. Mumdima wakewo munaima munthu. Masaya olowa, tsitsi losapesa, chovala cha odwala chitatsetsereka paphewa. Anali ndendende mmene anawaonera achemwali ake komaliza.

"Achemwali," ananong'ona.

Milomo ya munthuyo inagwedezeka limodzi ndi yake. Nayenso anali atagwira kapu.

Pagalasi la kunyumba Kamthunzi ankadziona tsiku lililonse, koma m'yunifolomu, ali pa liwiro lothamangira kusukulu. Sankadziwa kuti wafika pamenepa.

"Tiyeni, kapu pakamwa," anatero wojambula pa sipika.

Anaitukula mpaka inakhudza mlomo. Inkanunkha ngati fumbi la pabolodi.

"Meza."

Sanameze.

"Mayi, meza. Si poizoni, ndinalawapo ndekha."

Kamthunzi anatsitsa kapuyo n'kuiika pa kashelefu. Choko china chinatayikira pansi.

"Sindimwa," anatero. "Ndinanama dzulo. Ndiitanireni adokotala aja, ndi bambo anga."

Wojambula anatuluka kuseri kwa galasi, nthabwala zitatha. Anayatsa magetsi, ndipo munthu uja anazimiririka.

Adokotala atabwera, Kamthunzi ananena zonse, za phula ndi za masitepe, maso ali pa zala za kumapazi. Ankadikira kukalipiridwa. Bambo ake anangomugwira paphewa, dzanja lawo likununkha girisi.

"Zotsatira za magazi zangondipeza kumene," anatero adokotala. "Magazi ako ndi ochepa, ndipo ndinayamba kale kudabwa. Ukanameza, bwenzi tikudikira masiku, uku magazi akutayikabe. Wamwako ngakhale pang'ono?"

"Ayi."

"Ayi ameneyu ndi weniweni?"

"Weniweni."

"Ndiye popeza sunadye, tikuona lero lomwe masana. Bambo, mukuvomera?"

Bambo ake anayang'ana kumapeto kwa khonde, kumene kunali chitseko chobiriwira chija.

"Chitani," anatero.

6. Kuseri kwa chitseko chobiriwira

Chipindacho chinali chaching'ono kusiyana ndi mmene Kamthunzi ankachilotera. Munali bedi limodzi, wailesi yakanema pakhoma, ndi sinki. Paipi ija inali itapachikidwa pambali, yakuda, yonyezimira, kagetsi kake kakuwala kunsonga.

Anamwino anamupopera mankhwala owawa kukhosi n'kumugoneka chakumanzere.

"Achemwali anga anagona pa bedi lomweli?" anafunsa lilime litayamba kulemera.

"Sindikudziwa, mwana wanga," anayankha anamwino akumubaya jakisoni padzanja. "Agonapo ambiri apa. Ambiri anadzuka n'kupita kwawo. Luma kapulasitiki aka."

Ankafuna kuyang'anitsitsa kagetsi kaja kuti aone pamene kayambe kuyandikira. Koma denga linayamba kusungunuka, ndipo sanaonenso kanthu.

Atatsegula maso anali m'chipinda china. Pakhosi pankakanda ngati wameza mchenga. Bambo ake anali pampando, atafungatira nsapato zake za kusukulu pamiyendo ngati khanda.

"Ayamba liti?" anafunsa Kamthunzi ndi mawu osasa.

"Amaliza kalekale," anatero bambo ake, n'kutembenukira kukhoma kuti apukute m'maso.

Adokotala anabwera ndi chithunzi. Chinali chofiirira, chonyowa, chokhala ndi timizere tofiira kwambiri.

"Heniya ija ilipodi, ndipo si yaing'ono. Taonani apa. Pamene chifu chikukhulana ndi mphepete mwa kabowo kaja pachita tizilonda iti. N'timene timadontha magazi pang'onopang'ono. Kapu ikanationetsa heniya, koma tizilondati mwina tikanatiphonya. Zina zoopsa sitinazione."

Anapereka mapaketi awiri a mapiritsi, ena ochepetsa madzi owawasa kuti tizilondato tipole, ena owonjezera magazi. Anamuuza kuti azidya pang'onopang'ono, asamagone atangodya, ndipo asamathandize bambo ake kunyamula mafiriji.

"Usadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Mwezi ukatha tidzayezanso magazi. Akapanda kukwera, tidzayeza ndi kapaipi ka m'mphuno kaja n'kukambirana za opaleshoni. Ndipo pamimbapa pasapanikizike ndi chilichonse, ngakhale lamba wothina."

Ali pageti, bambo ake anaimbira foni amayi n'kuwafotokozera zonse. Kamthunzi anaona nkhope yawo ikusintha.

"Akuti bwanji, ababa?"

"Sananene kanthu. Atangomva za paipi adula."

7. Mlendo wa jekete loyera

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Pakhomo pa shopu panali munthu ndi firiji pa ngolo, akudandaula kuti nyama yake yogulitsa ikuwonongeka.

"Kwera ukapume," anatero bambo ake. "Ndikupeza pompano."

Kamthunzi anakwera masitepe pang'onopang'ono, mapaketi aja ali m'manja. Pakhomo panali nsapato zazimuna zimene sankazidziwa. Atatsegula chitseko, fungo la mafuta oyabwa m'mphuno linamuwomba.

Tebulo lodyera linali litachotsedwa mbale zonse n'kuyalidwa bulangete. Pambali pake panaima bambo wina wamtali, wa jekete loyera lothimbirira m'khosi. Sutikesi yake inali yotsegula pampando, yodzaza mabotolo opanda mayina. Ankadzola mafuta m'manja, ndipo zala zake zinali zikuluzikulu.

"Wabwera mwana uja," anatero azakhali akuimirira. "Sunandimvere, koma zapita. Awa ndi akatswiri. Chifu chikakwera amachitsitsa ndi manja okha, kukanikiza pamimba mpaka chibwerere pamalo pake. Popanda paipi, popanda mpeni."

"Kamodzi kokha, mtsikana," anatero mlendoyo akumwetulira. "Kupweteka kwake n'kwa kanthawi. Koma mankhwala a kuchipatala ndi anga sayendera limodzi."

Kamthunzi anamva loko akulira kumbuyo kwake. Anatembenuka. Amayi anali atakhoma chitseko, ndipo kiyi anamuponya m'thumba la diresi. Maso awo anali otupa, koma mawu awo sananjenjemere.

"Wina ndinawapatsa, sanandibwezere," anatero. "Iwe sakuonanso. Bweretsa mapiritsiwo."

Anatambasula dzanja.

Kamthunzi anabisa mapaketiwo kumbuyo n'kubwerera mpaka msana unagunda khoma. Anatsegula pakamwa kuti aitane bambo ake, koma pakhosi posasa paja panangotuluka kamphepo. Pansi, bambo ake anali atayatsa makina opopera mpweya, ndipo phokoso lake linadzaza nyumba yonse.